Mawu a m'mawa: Siyani mpata kuti fupa limere

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo kuno ku Kasungu? Tiwerenge Ezekieli 37:1-10. Mafupa aja analumikizana, mnofu n'kukuta, koma anagonabe mpaka mpweya utalowa.

Munthu akachita ngozi ya kabaza pa M1, fupa n'kuphwanyika mpaka kusiya mpata waukulu, chikhakha chokha sichikwanira. Madokotala amadzaza mpatawo ndi fupa lotengedwa m'chiuno mwa wodwalayo, kapena ndi timiyala ta calcium phosphate, mchere womwewo umene umapanga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa fupa lathu.

Timiyalati amatiwotcha ngati njerwa, pa moto woposa madigiri 1,000, koma amasiyamo tibowo mwadala. Bowo likachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, mitsempha ya magazi imalephera kulowa bwino, ndipo popanda magazi fupa silimera. Timiyalati tilipo ta mitundu yosiyana: mtundu wotchedwa hydroxyapatite umakhala zaka osasungunuka, pamene beta-tricalcium phosphate imatha m'miyezi chabe. N'chifukwa chake nthawi zambiri amasakaniza, magawo 60 a woyambawo kwa 40 a wachiwiriwo. Mwala ukatha msanga pamatsala dzenje. Ukakhalitsa umatenga malo a fupa lamoyo.

Mwalawo suchiritsa ayi. Ndi poponda chabe: maselo ena amaudya pang'onopang'ono, ena akumanga fupa pomwe wadyedwapo. Ndi wosachedwanso kusweka, sungasenze thupi, choncho pamafunika zitsulo zogwira fupa, ndipo wodwala ayende ndi ndodo mpaka dokotala atalola. Pabala la mafinya sauikapo asanayeretse, chifukwa tizilombo timabisala m'tibowo tomwe tija. Ndipo ife a dera la fodya timve: kusuta kumachepetsa magazi ofika pa fupa, kuchira n'kuchedwa.

Tsono taganizani za wamasiye kapena mnzathu amene banja lamuthera. Ena timamuunjikira malangizo osasiya kabowo koti alankhule, alire, apemphere yekha. Ena timabwera sabata ya maliro yokha, kenako zii. Enanso sitichokapo, mpaka munthu amaiwala kuima payekha. Mwa zitatuzi, chachitatu n'chovuta kuchizindikira, chifukwa chimaoneka ngati chikondi.

Tipemphere. Atate, kumbukirani amene agona m'chipatala cha boma kuno ndi amene atumizidwa ku Lilongwe ndi mafupa othyoka. Patsani madokotala ndi anamwino manja osamala, ndi owadikirira odwala mphamvu za lero. M'dzina la Yesu, ameni.