Dr. Strangelove: ndani akhala pa tebulo, ndani ali mu ndege

Moni moni abale anga, takulandiraninso. Lero tikukamba za filimu yakalekale ya 1964, Dr. Strangelove, imene anapanga Stanley Kubrick. Ndi yoseketsa inde koma nthabwala zake ndi za imfa zokhazokha. Mkulu wina wa asilikali a ku America, General Ripper, mutu wamuzungulira, ndiye walamula ndege za B-52 kuti zikaponye mabomba a nyukiliya ku Soviet Union, pulezidenti ndi anthu ake akulephera kuzibweza. Kumbukirani kuti mu 1962 mayiko awiriwa anatsala pang'ono kuphulitsana pa nkhani ya mizinga ya ku Cuba, ndiye oonera ankaseka mtima uli m'mwamba.

Tsopano tiyeni tiwerenge anthu amene akuoneka mufilimumu.

Mkazi alimo mmodzi yekha basi. Tracy Reed, akusewera ngati Miss Scott, sekilitale komanso chibwenzi cha General Turgidson, mkulu wa asilikali amene akulangiza pulezidenti. Timamuona atavala bikini akuyankha foni, bwana ali ku bafa akukuwa mayankho, iye nkumangowabwereza mwaulemu kwa woimbayo, mawu akeake pa nkhani ya nkhondoyo palibe. Ndipo chithunzi cha mu magazini amene woyendetsa ndege Major Kong akuwerenga ndi cha mtsikana yemweyo.

Wakuda amene akuyankhula ndi James Earl Jones, ameneyu ambiri mumamudziwa ndi mawu a Mufasa wa mu The Lion King komanso Darth Vader wa mu Star Wars, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba. Ndi Lieutenant Zogg, woponya mabomba mu ndege muja. Chimene ndimakonda nchakuti sanamupatse gawo la wantchito wa m'nyumba kapena chitsiru choseketsa anthu ngati mmene Hollywood inkachitira nthawi zambiri, ndi katswiri pa ntchito yake, ndipo lamulo litafika iye ndi amene akufunsa ngati mwina akuluakulu akungowayesa kukhulupirika. Izi zikugwirizana ndi mbiri, pulezidenti wa America Harry Truman analamula kuti tsankho lithe ku usilikali mu 1948, pomwe lamulo lalikulu la ufulu wa anthu akuda linadzasainidwa mu July 1964 filimu itatuluka kale.

Koma taonani pamene Zogg waikidwa. Ali mu ndege, kochita zimene wauzidwa. Ku War Room, chipinda chija cha tebulo lalikulu lozungulira ndi mapu pakhoma, kwadzaza azibambo achizungu a masuti ndi mayunifolomu. Wosewera wachizungu Peter Sellers yekha ali ndi magawo atatu mufilimuyi.

Ena amati filimuyi ndi yatsankho chifukwa cha zimenezi. Ine pa chipindacho sindikuvomereza. Kubrick akuonetsa dala kagulu kochepa ka amuna odzikonda kakugamula za moyo wa dziko lonse lapansi, ife a kuno kwathu amene chaka chomwecho timalandira ufulu ku Malawi ndi ku Zambia tikanafa nawo osafunsidwa nkomwe. Mukaikamo nkhope zosiyanasiyana pa tebulo limenelo ndiye kuti mwanamiza anthu za amene anali ndi mphamvu mu 1964.

Kumapeto ndi pamene zikuonekera poyera. Dr. Strangelove, wasayansi wa ku Germany amene ankagwirira ntchito chipani cha Nazi cha Hitler ndipo amayenda pa njinga ya olumala, akuti anthu osankhidwa akabisale m'migodi, mwamuna mmodzi akazi 10, akaziwo asankhidwe potengera kukongola, ndipo Turgidson maso akuwala ndi chisangalalo dziko likupsa. Apa filimu ikunyoza amunawo, osati akazi.

Pamene ndimadandaula ndi pawiri. Miss Scott akanatha kupatsidwa ngakhale mawu amodzi osonyeza kuti akuona misala ya anthuwa ngati mmene anamupatsira Zogg, koma kamera ikumuyang'ana mmene Turgidson amamuyang'anira. Kachiwiri, njinga ya olumala ndi dzanja losamvera la Strangelove azigwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha mtima woipa, ndipo munthu wolumala amene akuonera amamva kuwawa pamene holo yonse ikuseka thupi longa lake.