Ulcerative colitis ikabwera mobisala

[Chithunzi: matumbo akuluakulu, mbali yakumapeto itafiira]

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, munthu akaona magazi m'chimbudzi timafulumira kunena kuti ndi mudzi, kapena kamwazi. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma kulinso ulcerative colitis, matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira khungu lam'kati mwa matumbo akuluakulu mpaka kuchita zilonda. Sapatsirana. Amayambira kumapeto, pafupi ndi potulukira chimbudzi, n'kumakwera osadumpha malo. Ambiri amatsegula m'mimba zamagazi, usana ndi usiku. Lero tikambe za amene matendawa amawabwerera mwanjira ina.

Woyamba ndi wodzimbidwa. Zilonda zikakhala kumapeto kokha, munthu amamva chimbudzi chamugwira, n'kuthamanga, koma akakhala pansi pamangotuluka timagazi ndi zonanda ngati mamina, chimbudzi chenicheni chitauma m'mwamba. Ameneyu amatha miyezi akugula mafuta a mudzi ku famase. Dzifunseni: kodi zimenezi zikukudzutsani pakati pa usiku? Mudzi suchita zimenezo.

[Chithunzi: bondo lotupa, diso lofiira, msongolo]

Wachiwiri sadandaula n'komwe za m'mimba. Bondo kapena kakolo watupa. Msana wakumunsi umauma m'mawa, n'kumasuka akayamba kuyenda. Pa msongolo patuluka timibulu tofiira, towawa mukatikhudza. Kapena chilonda cha pamwendo, cham'mbali mofiirira, chomwe chimakula akachikumba kapena kuchipala. Diso lafiira, likuwawa, silifuna kuwala; limenelo musaligoneke, lionedwe tsiku lomwelo. Ena thupi limayabwa lonse, maso achita chikasu, chifukwa njira za ndulu m'chiwindi zikuchepa. Madokotala amati PSC. Zonsezi zikhoza kutsogola, m'mimba muli zii. Enanso amangotopa ndi kupuma befu pokwera masitepe, magazi atachepa.

Matendawa amakonda kuyamba pakati pa zaka 15 ndi 30, koma amabweranso kwa opitirira zaka 50. Nthawi zina amatulukira munthu atasiya fodya. Izi sizikutanthauza kuti muyambirenso kusuta. Ingomuuzani dokotala nthawi imene munasiya.

Pano tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu amavulalira. Kwathu kuno kum'mwera kwa Africa, matenda ambiri amafanana ndi ameneyu: kamwazi wa amoeba, Shigella, TB ya m'matumbo, kachirombo ka CMV mwa amene chitetezo chatsika ndi HIV, ndiponso likodzo la m'matumbo. Ngati munkasamba kunyanja kapena m'madambo kumudzi, nenani, ngakhale papita zaka. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala oziziritsa ulcerative colitis, monga prednisone, amatsitsa chitetezo. Mukamwa prednisone muli ndi amoeba, thumbo likhoza kubooka. Choncho poyamba chimbudzi chiyezedwe, magazi ayezedwe, HIV iyezedwe. Pali kuyeza kwina kwa chimbudzi kotchedwa calprotectin, kosonyeza ngati matumbo atupa. Kenako colonoscopy: kamera yolowetsa kumusi, n'kutapa tinyama m'malo angapo kukaunika. Mumayambira ku kiliniki, akulembereni kalata yopita kuzipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph kapena Chris Hani Baragwanath.

Nayo kamera imatha kusokoneza. Mwa ena, makamaka a PSC, kumapeto kwa matumbo kumaoneka kwabwinobwino, zilonda zili m'mwamba. Mankhwala olowetsa kumusi nawonso amapoletsa mbali imeneyo, dokotala n'kuganiza kuti ndi matenda ena otupitsa matumbo otchedwa Crohn. Ngati munawagwiritsapo ntchito, muuzeni asanayambe kuunika.

[Pa sikirini: kasanu ndi kamodzi pa tsiku]

Muyezo wa ngozi unalembedwa ndi Truelove ndi Witts mu 1955, ndipo ukugwirabe ntchito. Kupita kuchimbudzi zamagazi ka 6 kapena kuposa pa tsiku, kuphatikiza chimodzi mwa izi: mtima kugunda koposa ka 90 pa mphindi, thupi kutentha koposa madigiri 37.8, kapena magazi kuchepa, muyezo wa hemoglobin kutsika pansi pa 10.5. Zikatero ndi kukagonekedwa, osati kudikira tsiku lopuma kuntchito. Musamwe loperamide kuti mutseke m'mimba: thumbo lotupa likaima limafufuma ndipo likhoza kuphulika. Ibuprofen, diclofenac ndi ufa wa mutu wokhala ndi aspirin, monga Grand-Pa wa ku spaza, zimatha kudzutsa matendawa. Paracetamol ndiyo yoyenera.

Nanga m'tsogolo? Ambiri amakhala zaka zawo ngati wina aliyense, kugwira ntchito, kubereka, kutumiza ndalama kumudzi. Matendawa amagona n'kudzuka, ndipo chowagoneka ndi mesalazine kapena sulfasalazine tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino. A zilonda zakumapeto kokha, mesalazine wa gramu imodzi wolowetsa kumusi usiku amafika pa chilonda penipeni kuposa piritsi. Prednisone ndi wozimira moto basi, pafupifupi masabata 8 akuchepetsedwa pang'onopang'ono. Akakhalitsa amafewetsa mafupa ndi kukweza shuga. Akakanika amenewa pali azathioprine ndi infliximab, koma asanakupatseni infliximab ayambe ayeza TB ndi hepatitis B, poti amadzutsa TB yogona. Ochepa amafika pochotsedwa thumbo lonse lalikulu, ndipo opaleshoniyo imathetsa zilondazo.

Khansa ya m'matumbo ndi yomwe imafuna diso. Chiopsezo chimakula ndi kutalika kwa zaka ndi kukula kwa malo otupa, n'chifukwa chake pakatha zaka 8 chiyambireni zizindikiro, colonoscopy imayamba kubwerezedwa ngakhale simukumva kanthu. Wa PSC sadikira zaka 8: ndi chaka chilichonse kuyambira pomwe wapezeka.

Mukamakwera basi ya kumudzi mu Disembala, werengani mapiritsi okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apamwamba, muwaike m'chikwama cham'manja, osati m'katundu wa mu trela. Mutengenso kalata ya dokotala ndi zotsatira za colonoscopy, kuti mukatsegula m'mimba ku Mangochi kapena ku Mzimba, amene akukuonaniyo adziwe poyambira.