Kodi bungwe la nzika ku York lingaletsedi kumanga?

Muli bwanji anthuni, takulandiraninso. Dinani kaye batani la subscribe pansipa, kabelu kaja musakaiwale, tiyambepo.

Lero tili ku York, kumpoto kwa England. Amene mukukhala ku UK munaonapo kapepala kokutidwa pulasitiki katamangiriridwa pa pholo m'mbali mwa msewu, konena kuti wina akufuna kumanga kapena kugwetsa nyumba. Ambirife timangodutsa, tikuthamangira shifiti. Koma alipo anthu amene amaima n'kuwerenga mpaka pansi, ndipo nkhani ya lero ndi ya iwowa.

Choyamba, mwachidule. York Civic Trust inayamba mu 1946. Si nthambi ya boma. Ndi anthu okhala mumzindawo amene amalipira umembala n'kumayang'anira maonekedwe a tauni yawo. Amakhoma zikwangwani zabuluu pa nyumba za mbiri. Anakonzanso Fairfax House, nyumba yakale imene inasanduka malo oonetsera kanema ndi holo yovinira, n'kuitsegulira anthu mu 1984.

Chachiwiri, lamulo. Mu 1967 kunabwera Civic Amenities Act, imene anaikankha ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo Duncan Sandys. Apa ndiye panabadwira conservation area, dera limene khonsolo yanena kuti maonekedwe ake asungidwe. Loyamba linali ku Stamford. Lero ku England alipo pafupifupi 10,000. Mukakhala m'dera lotere, ngakhale mtengo wa pabwalo panu simungangoudula, mumadziwitsa khonsolo kudakali masabata 6. Tapita.

Chachitatu. Apa ndiye ndikhalitsa, chifukwa bodza ili limandinyansa. Anthu amati, "Timagulu ta agogo opuma pantchito iti ndi timene timaletsa chitukuko. Akangoti ayi, basi, palibe chomangidwa." Abale, ndi bodza! Bungwe la nzika lilibe voti. Chilolezo chimaperekedwa ndi khonsolo, kudzera mwa akuluakulu a mapulani kapena komiti ya makhansala. Bungwe limangolemba kalata ya maganizo, ngati mmene inu mungalembere, ndipo nthawi yake nthawi zambiri ndi masiku 21.

Ndipo tamvani izi. Khonsolo ikamukana womanga, iye ali ndi ufulu wochita apilo ku Planning Inspectorate, ofesi ya boma yomva ma apilo a mapulani. Khonsolo ikamulola, otsutsa alibe apilo yotere. Chowatsalira ndi khoti, ndipo kukhoti amaona ngati ndondomeko inatsatidwa, osati ngati nyumbayo ndi yonyansa. Ndiye wamphamvu ndani pamenepa?

Wina mu makomenti alemba kale, ndikudziwa: "Nanga Coppergate?" Chabwino, tiyeni komweko. Pa pulani yotchedwa Coppergate, kampani ina inkafuna kumanga masitolo akuluakulu pafupi ndi Clifford's Tower, nsanja yakale ija ili pakaphiri pakati pa mzinda. Khonsolo inali mbali ya womanga. York Civic Trust ndi magulu ena anatsutsa. Nkhani inapita ku kafukufuku wa poyera, mbali zonse zinapereka umboni, ndipo mu 2003 boma la ku London linakana pulaniyo. Mwamva amene anakana? Nduna. Bungwe linangobwera ndi mfundo zolemera moti sakanatha kuzinyalanyaza. Mphamvu yawo ndi imeneyo: amawerenga mapulani a masamba mazanamazana amene ife timawaopa, ena mwa iwo anagwirapo ntchito yojambula nyumba, ndipo satopa ndi misonkhano.

Sindikuti ndi angelo ayi. Nthawi zina amakangana za mtundu wa mawindo pamene achinyamata akusowa nyumba ya lendi yotsika mtengo, ndipo zimenezi zimandipsetsa mtima. Koma kukangana ndi kuletsa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mukadali pano? Dinani chala chokweza chija, chimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa anzathu ena.

Chachinayi, mukafuna kulemba nokha. Tengani nambala ili pa kapepala kaja, ifufuzeni pa webusaiti ya khonsolo. Osalemba kuti mtengo wa nyumba yanu utsika, kapena kuti simudzaonanso mtsinje muli pawindo. Zimenezo sawerengera. Lembani za kutalika kwa nyumbayo poyerekeza ndi zoyandikana nazo, kuchuluka kwa magalimoto, phokoso, kutchingidwa kwa kuwala. Simukufunika kukhala mwini nyumba. Wa lendi nayenso amalemba.

Chachisanu, lowani bungwe la m'tauni mwanu, ambiri ali pansi pa Civic Voice, bungwe lolumikiza mabungwe a nzika ku England, imene inayamba mu 2010.

Sabata yamawa tikamba za listed building, nyumba zotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri kapena mamangidwe ake, kusiyana kwa Grade I ndi Grade II, ndi chifukwa chake kusintha chitseko chabe popanda chilolezo kungakufikitseni kukhoti. Tumizirani vidiyoyi m'bale wanu ali ku Leeds uja, ndipo mundiuze mu makomenti tauni imene mukuonera.