Voice note ya kochi: mpikisano aulepheretsa, ndiye timapachika nsapato?

Moni nonse a mu gulupu muno, muli bwanji? Pepani voice note iyi italikako, ndiye ngati muli pa ntchito kapena ana akukusokosani ingoisungani kaye mudzaimvere madzulo mutakhazikika. Mauthenga anu ndawaona onse kuyambira dzulo pomwe tamva zoti mpikisano uja wa marathon, wothamanga makilomita 42.195, aulepheretsa. Wina walemba kuti basi ine zothamanga ndasiya, achimwene ena atumiza chithunzi nsapato atazipachika pa msomali, ena mukufunsa ngati ndalama zolembetsera zija zibwezedwe, zimenezo afunseni okonza mpikisanowo ine sizikundikhudza. Ine nkhani yanga ndi miyendo yanuyo basi.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti zikuwawa. Miyezi inayi yathunthu kudzuka 4 koloko kunja kukadali mdima, matuza kumapazi, zikhadabo kuda zina mpaka kuzuka, kenako kauthenga kamodzi pa foni akuti palibe mpikisano. Khumudwani ndithu, sindikuletsani. Sabata ino yonse ndakupatsani, pumani, gonani mpaka dzuwa lituluke, amene akufuna kukayenda pang'ono akayende koma wotchi aisiye kunyumba. Koma Lolemba likubwerali tikuyambiranso ndipo ndikufuna mumvetse bwino chomwe tikupanga.

Mphamvu zomwe munasonkhanitsa miyezi yonseyi sizinapite kulikonse, zili m'thupi mommo. Chomwe achotsa ndi deti la pa kalendala. Ndipo deti limenelo ndi lomwe limakudzutsa alamu ikalira kunja kukuzizira, umati eee kwatsala masabata asanu ndi limodzi ndiyenera kutuluka. Deti likachoka alamu umangoizimitsa nkutembenukira kukhoma, lero, mawa, mkuja, ukamadzazindikira mwezi watha. Ndiye ntchito yathu pano ndi kudziikira madeti athu tokha, ang'onoang'ono, oyandikana, oti anzako akudziwa ndipo akufunsa.

Komanso tisamaone ngati ndife oyamba. Mu 2020 muja matenda a Covid atavuta, Boston Marathon, mpikisano woti unayamba mu 1897, anayamba ausuntha kuchoka mu April kupita mu September kenako nkuulepheretseratu. Comrades ya ku South Africa, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, nayonso sinachitike, chonsecho inali itamachitika chaka ndi chaka chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ma Olympics a ku Tokyo anawakankhira ku 2021. Ndiye taganizani munthu ngati Joshua Cheptegei wa ku Uganda, wakonzekera Olympics kenako akuti chaka chino kulibe. Iye uja sanapachike nsapato, anangosintha chomwe akulondola. Mu August chaka chomwecho ku Monaco anaphwanya rekodi ya dziko lonse ya mamita 5,000, anathamanga 12:35.36, mu October ku Valencia nkuphwanyanso ya mamita 10,000, 26:11.00, marekodi oti Kenenisa Bekele wa ku Ethiopia anawagwira kuyambira 2004 ndi 2005. Ndipo kunalinso mkulu wina ku France dzina lake Elisha Nochomovitz, anthu ataletsedwa kutuluka m'nyumba iye anathamanga marathon yonse pa khonde la nyumba yake lotalika mamita 7 okha, kupita nkubwerera, kupita nkubwerera, pafupifupi maola 7. Aaa zimenezo sindikukutumani ayi, mungachite chizungulire nkugwa ine nkukhala ndi mlandu.

Chabwino, tiyeni ku zochita. Lolemba tonse tipanga mayeso a mphindi 12, ena mumawadziwa kuti Cooper test, anawayambitsa ndi dokotala wina wa ku America, Kenneth Cooper, mu 1968, poyeza asilikali. Ndi osavuta. Pezani malo a fulati opanda magalimoto, ngati pali bwalo lothamangira la mamita 400 ndiye bwino kwambiri, ngati palibe bwalo la mpira likwana. Yambani mwatenthetsa thupi mphindi 15, kuthamanga pang'onopang'ono moti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika, kenako kathamangeni kofulumira ka masekondi 20 katatu kapena kanayi kuti miyendo idzuke. Mukatero ikani mwala poyambira, tcherani mphindi 12 pa foni, thamangani mtunda wonse womwe mungathe, foni ikalira imani pomwepo, ikaninso mwala wina, werengani maulendo omwe mwazungulira. Wopanda wotchi ya GPS asadandaule, miyala iwiriyo ndi yokwanira. Ndipo chonde mphindi ziwiri zoyambirira dzigwireni. Chaka chilichonse ndimaona zomwezi, munthu amanyamuka ngati akumuthamangitsa galu, pofika mphindi 5 wagwira m'chiuno akuyenda. Yambani ndi liwiro loti mukumva kuti mukanatha kuwonjezera, pakati apo ligwiritseni, mphindi zitatu zomaliza ndiye perekani zonse. Lembani mtundawo penapake. Pakatha masabata anayi tidzabwerezanso pamalo omwewo, nthawi yomweyo ya tsiku, ndipo mdani wanu ndi mwala wanu womwe uja. A njinga inu pangani mphindi 20 pa msewu umodzi womwewo, osambira yesani nthawi yanu pa mamita 400.

Chachiwiri ndi chalenji cha matimu, ndipo apa mvetserani bwino chifukwa ndasintha malamulo. Ulendo wathawu ndinalakwitsa ine mwini. Ndinati timu yomwe isonkhanitse makilomita ambiri pa mwezi ndiyo yapambana, ndimaona ngati ndaganiza zanzeru. Sabata yomaliza bambo wina wa mu gulupu lomwe lino, sinditchula dzina akudzidziwa, ataona kuti timu yawo ikutsalira anathamanga makilomita 30 masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi akunditumizira chithunzi mwendo watupa kutsogolo kwa msongolo uku, sakutha nkutsika sitepe, anakhala masabata asanu ndi limodzi osathamanga. Winanso ananditumizira sikirinishoti yoonetsa kuti kilomita imodzi waithamanga mphindi imodzi ndi theka, ndinati achimwene mukanakhala kuti mumathamanga chonchi bwenzi tikukuonerani pa TV, kenako anaulula kuti anaiwala kuzimitsa wotchi atakwera galimoto. Ndiye ulendo uno makilomita sitiwerenga. Tiwerenga masiku. Tsiku lililonse lomwe mwatuluka nkuchita mphindi 30 kapena kuposera apo, kaya kuthamanga, kaya njinga, kaya kusambira, kaya kuyenda ndawala, ndi poyinti imodzi. Wathamanga maola atatu, poyinti imodzi. Wayenda mphindi 30, poyinti imodzi. Pa sabata mapoyinti othera ndi asanu, ndipo amene wapuma masiku awiri pa sabatayo ndimuwonjezera imodzi yaulere, eya mwamva bwino, kupuma kukulipira. Matimu ndiwasakaniza ndekha, akatswiri ndi oyamba kumene pamodzi, anthu anayi anayi, ndipo ndi malamulo amenewa amayi oti ayamba mwezi wathawu akhoza kubweretsa mapoyinti ofanana ndi mnyamata wothamanga kwambiri mu gulupu muno. Ndicho ndikufuna.

Mwina wina akufunsa kuti nanga tikachepetsa makilomita si ndiye mphamvu zithawa. Ayi. Thupi limayamba kubwerera m'mbuyo ukasiyiratu, pakangotha masabata awiri kapena atatu osachita kalikonse madzi a m'magazi amachepa, mtima umapopa magazi ochepa pa kugunda kulikonse, ndiye ukadzayambiranso umadabwa kuti liwiro lomwe lija mtima ukugunda ngati ng'oma. Koma ukamatulukabe, ngakhale utadula mtunda ndi theka, bola kawiri pa sabata ukulowetsamo zothamanga mwamphamvu, mphamvu zambiri zimakhalapobe kwa masabata ambiri ndithu. Ndiye ndondomeko yake ndi iyi, masiku awiri olimba osatsatizana, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu, masiku enawo ofewa. Tsiku lolimba likhoza kukhala fartlek, mawu a chi Sweden amenewo kutanthauza kusewera ndi liwiro, mphindi imodzi mwamphamvu mphindi imodzi pang'onopang'ono, kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu. Ulendo wautali uja wa kumapeto kwa sabata usapitirire ola limodzi ndi theka pakadali pano, palibe chifukwa chodziphera ndi maola atatu mpikisano kulibe.

Mwezi wachiwiri tidzalowa ku zitunda. A njinga mukudziwa za Everesting, kukwera ndi kutsika chitunda chimodzi chomwecho mpaka mamita omwe wakwera akwane 8,848, kutalika kwa phiri la Everest, pa ulendo umodzi osagona. Ifeyo sitipanga za munthu mmodzi, timu iliyonse idzasonkhanitsa mamita amenewo pa mwezi wonse, ndiye anthu anayi aliyense ndi mamita 2,200 ndi kakuti, pa sabata ndi cha m'ma 550, zotheka zimenezo. Opanda chitunda pafupi masitepe akwana. Chomwe ndikupempha ndi chimodzi, potsika yendani. Pokwera umatopa koma chimene chimawononga mawondo ndi ntchafu ndi kutsika mothamanga, ululu wake umaumva mkuja.

Tsopano tsiku lenileni la mpikisano lija, limene munalizunguliza ndi bolopeni pa kalendala. Musalisiye lopanda kanthu, tsiku limenelo ukakhala pa mpando ukuyang'ana wotchi kuti pano bwenzi ndili pa kilomita 25 mtima umawawa kwambiri. Ena mwandifunsa kale kuti kochi ndikhoza kungothamanga makilomita 42.195 onsewo ndekha. Ine sindikulimbikitsa. Pa mpikisano pamakhala madzi panjira, achipatala, msewu wotsekedwa, anthu okuchemerera, ndiye wekha zonsezo palibe, ndipo ukathamanga marathon ndi mphamvu zonse thupi limafuna masabata awiri atatu kuti libwerere, nanga akalengeza deti latsopano loyandikira mudzatani? Chomwe ndikuganiza ndi ichi. Pali mtundu wina wa mpikisano amati backyard ultra, anauyambitsa ndi Gary Cantrell wa ku Tennessee, ambiri amamudziwa kuti Lazarus Lake. Umazungulira makilomita 6.7 ola lililonse, ukamaliza mu mphindi 45 ndiye mphindi 15 zotsalazo upume, ola likakwana uyambirenso, mpaka patsale munthu mmodzi. Mu April 2020 anthu anapanga zimenezi aliyense ali kwawo akuonerana pa intaneti, Mike Wardian anapambana atazungulira maulendo 63, maola 63 akuzungulira mozungulira nyumba za kwawo. Ifeyo tiika malire, maulendo anayi basi, oyamba kumene awiri, ndipo amene makilomita 6.7 amuchulukira adule akhale 4. Kukoma kwake ndi koti tonse timayambira limodzi ola lililonse, wothamanga kwambiri amangopeza nthawi yambiri yokhala pansi, palibe wosiyidwa kumbuyo yekha. Botolo la madzi limakhala pamalo amodzi, ukamva kuti china chake sichili bwino uli pafupi ndi poyambira. Tikayamba 6 koloko, 10 koloko tamaliza, aliyense atumize chithunzi mu gulupu ola lililonse kuti tidziwe kuti akadali moyo.

Kanthu kena ndisanaiwale, ndipo aka ndi kofunika. Chomwe chalepheretsa mpikisano chikhozanso kukupwetekani inu panokha. Ngati ndi mliri tsatirani zomwe azaumoyo anena, kaya akuti osasonkhana ndiye aliyense athamangire kwawo tizilumikizana pa foni. Ngati ndi kutentha koopsa, utsi, mphepo yamkuntho kapena madzi osefukira, musati poti okonza aopa ine ndipita ndekha, sanalepheretse chifukwa cha ulesi. Masiku otero pangirani m'nyumba, kulumpha chingwe, ma squat aja onjuta nkudzuka, ma plank aja otsamira pansi ndi zigongono ndi zala za kumapazi thupi litawongoka, kukwera ndi kutsika pa sitepe imodzi, mphindi 30 poyinti yanu ndikupatsani. Ndipotu zolimbitsa m'chiuno ndi akatumba zija mumazithawa nthawi zonse mumvekere kochi nthawi palibe, pano nthawi ilipo yambirimbiri.

Ndipo a mu timu muziyang'anirana. Amene amandidetsa nkhawa si awa akulalata mu gulupu kuti ndasiya, amenewa Lolemba tiwaona pa bwalo. Ndi uja wangoti zii, sakulemba kanthu, akungowerenga. Mnzanu wa mu timu akapanda kuoneka masiku atatu muimbireni, osati kumulembera, muimbireni amve mawu anu, ndipo musayambe ndi kumufunsa kuti bwanji simunathamange, mufunseni kaye za kunyumba. Ena mpikisano umenewu anaulembetsa pa zifukwa zawo zoti sanatiuze, wina akuchira ku matenda, wina anataya m'bale wake ndipo kuthamangaku ndi komwe kumamugwira.

Ndiye pofika Lachisanu madzulo amene akulowa nawo alembe dzina lake pansi pa voice note iyi, Loweruka nditumiza matimu. Amene ali ndi kovulala anene msanga ndimupatsa zake zapadera. Lolemba ndikufuna zithunzi za miyala iwiri ija ndi mtunda womwe mwapeza, wochepa kapena wambiri tumizani basi palibe akusekeni. Achimwene a nsapato pa msomali aja, zitsitseni muzigwedeze kaye mwina mwalowa kale kangaude. Foni yanga ikutha moto, tionana Lolemba.