Kodi Mlongoti wa Pamwamba pa Nyumba Umawerengedwa pa Kutalika Kwake?

Owonera, mukamva kuti nyumba yakutiyakuti ndi yaitali kuposa zonse, muzifunsa kuti oyeza analekezera pati, chifukwa mkangano wonse umayambira pamenepo. Bungwe limene limagamula nkhaniyi ndi loona za nyumba zazitali padziko lonse, limene lakhala likudziwika ndi dzina lachidule lakuti CTBUH, lomwe linakhazikitsidwa mu 1969, ndipo limayeza kuchokera pakhomo lotsikitsitsa lolowera anthu oyenda pansi mpaka pamene pamathera mamangidwe a nyumbayo.

Malinga ndi lamulo lake, nsonga yosongoka imene okonza mapulani anaiika ngati mbali ya nyumba imawerengedwa, koma milongoti ya wailesi ndi ya kanema, mitengo ya mbendera ndi zikwangwani siziwerengedwa. Chifukwa chake n'chakuti mlongoti ndi chida chogwirira ntchito, chimene mwininyumba angathe kuchichotsa kapena kuchitalikitsa nthawi iliyonse popanda kusintha nyumbayo.

Lamuloli linakwiyitsa anthu ambiri a ku Chicago mu 1996. Denga la Sears Tower, imene masiku ano imatchedwa Willis Tower, lili pa mamita 442, ndipo milongoti yake imapitirira mamita 500. Nyumba ziwiri za Petronas ku Kuala Lumpur zili ndi zipinda zapamwamba zotsika kwambiri poyerekeza ndi za Sears, komabe nsonga zake zinafika mamita 452, motero zinapatsidwa ulemu wa nyumba zazitali kwambiri padziko lonse. Munthu woima m'chipinda chapamwamba cha Sears anali pamwamba kuposa mnzake wa ku Petronas, koma m'mabuku nyumba yake inali yaifupi.

Mlandu wovuta kwambiri unali wa One World Trade Center ku New York. Denga lake lili pa mamita 417, ndipo chitsulo cha pamwamba pake chimaifikitsa pa mamita 541, omwe ndi mafiti 1,776, nambala imene inasankhidwa mwadala pokumbukira chaka chimene America inalengeza ufulu wake. Omanga atasiya chophimba chokongoletsa chimene chinayenera kukuta chitsulocho, ambiri anati chasanduka mlongoti wamba, makamaka poti chimanyamula zida zoulutsira mawu ndi zithunzi. Mu Novembala 2013 bungweli linagamula kuti ndi nsonga, chifukwa ndi chokhazikika ndipo chinalipo kale m'mapulani. Kunena zoona, chigamulochi chinaonetsa kuti malire a nsonga ndi mlongoti amadalira kwambiri cholinga cha omanga, osati maonekedwe a chitsulo.

N'chifukwa chake bungweli limasunganso miyezo ina iwiri: kutalika mpaka pa nsanjika yapamwamba imene anthu amagwiritsa ntchito, ndi kutalika mpaka kumapeto kwenikweni, kumene mlongoti umawerengedwa. Burj Khalifa ya ku Dubai ndi yaitali mamita 828, koma mamita opitirira 200 a kumtunda kwake mulibe ofesi kapena chipinda chogona, ndipo ngakhale mutawachotsa nyumbayo imapitirirabe One World Trade Center ndi nsonga yake yomwe.