Gawo 14: Kachubu konga tsitsi ndiko kamandidyetsa kuno ku Leeds

Moni nonse, a kumudzi, a ku Joni, ndi anzanga a kuno ku Mangalande. Ndikujambula usiku cha m'ma 10 koloko, ndiye mukamva kaphokoso kumbuyoku dziwani kuti ndi hita. Ndikaizimitsa muzingomva mano akugundana. Tili mu Januwale, dzuwa likumalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo ine mwana wa ku Dedza amene ndinkadzitama kuti chisanu ndimachidziwa, ndavomereza kuti cha kwathu chija ndi kamphepo kayaziyazi chabe.

Nkhani ya lero aiyambitsa ndi amayi anga. Lamlungu ndinawaimbira pa WhatsApp, ndinawapeza ali pakhonde ndi anzawo a Mvano. Akuti, "Mwanawe, anzangawa akufunsa. Kumeneko ndiwe dokotala kapena nesi?" Ndinati, "Ayi amayi, ndimagwira mu labu." Mayi wina chapatali n'kufuula, "Oo, woyeza malungo!" Ndinangoseka. Foni itaduka ndinachita manyazi ndithu: zaka zitatu ndili pa ntchito imeneyi, koma wondibereka sadziwa chimene ndimachita tsiku lonse. Ndiye amayi, mchemwali wanga akakutsegulirani gawo lino, mverani, ndiyesa.

Madzi a m'thupi mwathu, kaya magazi, mkodzo, thukuta, malovu, ngakhale misozi, ali ndi mchere. Nyambitani mkono mutatha kulima muona. Komatu si mchere umodzi. Muli sodiyamu, potaziyamu, kashiyamu, magineziyamu, kolorayidi ndi ina, ndipo ikasungunuka m'madzi imakhala tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi. Mu labu timati ma ion. Uliwonse uli ndi mlingo wake. Sodiyamu m'magazi amayenera kukhala pakati pa 135 ndi 145, potaziyamu cha pa 3.5 mpaka 5, muyeso wake ndi mamilimolo pa lita. Potaziyamu akakwera kwambiri mtima umasokonekera kagundidwe, mwinanso kuima kumene. Amene munasamalirako mwana wotsegula m'mimba, kapena munaona kolera, mukudziwa chifukwa chake a chipatala amalimbikira Thanzi ORS: mwana sataya madzi okha, amataya mchere umenewu.

Labu yathu si ya chipatala, ndi ya kafukufuku. Kuti uyeze odwala mu labu ya chipatala kuno uyenera kulembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo, ndipo mapepala anga ndikusonkhanitsabe. Ndisanapeze ntchito imeneyi ndinakhala zaka ziwiri ndikusamalira nkhalamba usiku, dipuloma yanga ya labu ili phee m'sutikesi pansi pa bedi. Imeneyo ndinakamba kale mu gawo 6, sindibwereza.

Njira imene timagwiritsa dzina lake ndi capillary electrophoresis, ife timangoti CE. Tsiku loyamba abwana anandipatsa kanthu m'manja. Ndinayesa ulusi wa mbedza, wa mtundu wa uchi. Akuti, "Mwagwira mtima wa makina onse." Ndi kachubu ka galasi, kokutidwa ndi kapulasitiki kuti kazipindika osathyoka. Kutalika ngati theka la mita. Bowo la m'kati mwake ndi mamaikulomita 50, kutanthauza kuti mutatenga milimita imodzi pa rula n'kuigawa ka 20, gawo limodzi ndilo bowolo. Tsitsi la munthu limaposa pamenepo kunenepa nthawi zambiri.

Kachubuka timakadzaza madzi a mankhwala, nsonga iyi timaviika m'kabotolo, nsonga inayo m'kabotolo kena. Tikatero timalowetsa sampulo, kaya ndi madzi a m'magazi kapena mkodzo wosungunula. Kuchuluka kwake musafunse, diso silingaone. Dontho limodzi lingatikwanire kuyeza kambirimbiri. Kenaka timatseka chitseko cha makina n'kuyatsa magetsi, mavoti mpaka 30,000. Soketi ya kunyumba kwanu ndi 230. Nchifukwa chake chitseko chikatseguka makina amadula magetsi okha.

Apa ndiye payambika mpikisano. Ma ion amene tikuwayeza anyamukira pa mzere umodzi, magetsi akuwakoka kupita ku nsonga inayo, koma liwiro lawo si limodzi. Pakatha mphindi zochepa, nthawi zambiri zosafika faifi, amakhala atatayana, ndipo amadutsa mmodzimmodzi pa kawindo pomwe pali diso la makina. Pa kompyuta ndimaona mzere wogona, kenaka kaphiri, mzere, kaphiri kena. Nthawi imene kaphiri katulukira imandiuza kuti ndani wadutsa. Kukula kwa kaphiriko kumandiuza kuti analipo wochuluka bwanji.

Tsono mverani ichi, chimene chinandisokoneza sabata yathunthu. Pa potaziyamu, sodiyamu ndi lithiyamu, wamng'ono kwambiri ndi lithiyamu, wamkulu ndi potaziyamu. Ine ndinkati wamng'onoyo ndiye azifika msanga. Ayi ndithu. Potaziyamu amafika poyamba, sodiyamu pakati, lithiyamu kumapeto akudzikoka. Chifukwa chake n'chakuti lithiyamu, pokhala wamng'ono, mphamvu yake ya magetsi yaunjikana pamalo pochepa, ndiye amakoka madzi ambiri kumuzinga, ndipo kulikonse kumene apite amapita nawo. Abwana anandijambulira pa bolodi kawiri konse osamva. Ndinadzamvetsa nditakumbukira pa boda ya Mwanza mwezi wa Disembala, basi ya ku Joni itaima. Chibambo chachitali chatsika ndi kachikwama kamodzi, chadinditsa pasipoti, chapita kukagula chips. Kamayi kakafupi kali pambuyo ndi zikwama zisanu za mizeremizere zija, mabulangete, ndowa, poto wa apongozi. Ameneyo ndiye lithiyamu. Ndipo pakati pa inu amene mukumvera ku Joni, ndikudziwa, alithiyamu mulipo ambiri.

Vuto lina n'lakuti mchere umenewu suoneka. Diso la makina athu ndi kuwala kwa UV, kumene maso a munthu saona, koma sodiyamu kapena potaziyamu akamadutsa, kuwala kumangopyola ngati palibe kanthu. Ndiye anthu anachita nzeru. M'madzi odzaza kachubu aja timathiramo mankhwala otchedwa imidazole, amene amameza kuwalako nthawi zonse. Sodiyamu akafika pawindo amakankha imidazole pamalopo, kuwala n'kudutsa kochuluka kwa kamphindi. Choncho sitiona sodiyamu mwiniwake, timaona mpata umene watsegula. Nditamva zimenezi ndinakumbuka ntchito ya usiku ija: achibale a nkhalamba sankatidziwa nkhope, koma tsiku limene mmodzi wa ife sanabwere, m'mawa aliyense ankadziwa.

Palinso mapasa awiri ovuta, potaziyamu ndi amoniyamu. Liwiro lawo n'lofanana pafupifupi ndendende, amafika atagwirana manja, kaphiri kamodzi. Mu mkodzo onse awiri amakhalamo, ndiye ungawerenge zabodza. Timathira mankhwala ena, 18-crown-6, amene maonekedwe ake ali ngati nkhata. Potaziyamu amakwana bwino pakati pa nkhatayo, imamulemera pang'ono, mnzake n'kumusiya. Ine ndimangoti tamusenzetsa nkhata.

Kawindo ndakatchula kaja timapanga tokha. Kapulasitiki kokutira kachubu sikalola kuwala, ndiye umayenera kukawotcha pamalo ochepa, mamilimita angapo, n'kupukuta mwaye ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti. Pamalo pamenepo patsala galasi lokhalokha, losachedwa kuthyoka kuposa dzira la njiwa. Sabata yoyamba ndinathyola atatu. Wachitatu nditamva kuti thyo, ndinaima chilili, thukuta kamukamu m'chisanu chonsechi, ndikuwerengera m'mutu kuti andidula zingati pa malipiro. Ndinapita kwa abwana manja kumbuyo, "Pepani madam." Iwo n'kuseka, akuti iwonso anathyola ambiri pophunzira, ndipo ndisiye kuwatchula madam, ndiziwaitana dzina lawo loyamba. Mayi wa msinkhu wa azakhali anga, wa imvi zake! Mpaka lero lilime limakana. Ndimangoyamba chiganizo popanda dzina, iwo anazolowera.

Koma tsiku limene ndinatsala pang'ono kukomoka ndi la lithiyamu. Lithiyamu ndi mankhwalanso, amapatsa anthu odwala matenda a maganizo otchedwa bipolar. Ndi mankhwala othandiza koma ofuna kusamala, chifukwa pakati pa mlingo wochiza ndi wopweteka m'pafupi: madokotala amafuna kuti m'magazi akhale cha pa 0.4 mpaka 1.0, akapitirira 1.5 munthu angayambe kunjenjemera, kusanza, impso n'kuvutika. Magazi ake amatenga patatha maola 12 munthu atamwa. Kumuyeza ndi CE n'kovuta chifukwa sodiyamu ali pa 140 pomwe lithiyamu sakufika n'komwe pa 1. Kuli ngati kufunafuna chulu m'mbali mwa phiri la Mulanje. Mwayi wake n'ngwakuti mwini zikwama uja amachedwa, ndiye amatulukira payekha phiri litadutsa.

Tsikulo ndinkayeza magazi a munthu wodzipereka, amene samwa mankhwala alionse, kuti tione mzere wopanda lithiyamu. Kuyang'ana pa kompyuta, kaphiri ka lithiyamu nako, koonekeratu. Ndinabwereza. Komweko. Ndinatsuka kachubu ndi sodium hydroxide monga timachitira, poganiza kuti mwatsalira za dzulo. Komwekobe. Mtima unayamba kuthamanga, ndikuganiza kuti munthuyu wamwa chiyani, ndimuuze ndani. Abwana anabwera, sanayang'ane n'komwe kompyuta. Anangonyamula kabotolo kotengera magazi, n'kukatembenuza kuti ndiwerenge. Chotsekera chobiriwira. Lithium heparin. Mankhwala oletsa magazi kuundana a m'kabotolomo ali ndi lithiyamu kale. Ndinali ndikuyeza botolo, osati munthu.

Chimene chinandipweteka n'chakuti phunziro limeneli ndinkalidziwa kuchokera kumudzi. Aliyense amene anagwirapo mu labu ya chipatala kwathu amadziwa kabotolo ka chotsekera chapepo, ka EDTA, kamene timatengera full blood count, kuwerenga maselo a m'magazi. Muli potaziyamu mmenemo. Wina akathira magazi a m'menemo m'kabotolo ka mchere, zotsatira zimabwera potaziyamu ali kumwamba, kashiyamu ali pansi, ngati za munthu wakufa, chikhalirecho wodwala ali pabenchi akudya nthochi. Magazi akaphwanyika potenga, potaziyamu amakweranso chifukwa wambiri amakhala m'kati mwa maselo ofiira. Ine ndemwe ndinkakalipira ana a sukulu pa zimenezi. Ndafika kuno, makina a mamiliyoni andichititsa mantha, ndaiwala kuyang'ana chotsekera.

Ndisakunamizeni kuti mukapita ku chipatala kuno sodiyamu wanu amayeza ndi CE. Ayi. Za tsiku ndi tsiku amayeza ndi makina a ISE, okhala ndi kachipangizo kozindikira mchere umodziumodzi, achangu ndiponso osanyanyala. CE ndi wovuta mtima: kathovu ka mpweya kakalowa m'kachubu magetsi aduka, mapuloteni a m'magazi akamatirira m'mbali nthawi zonse zisintha, chipinda chikatentha zotsatira zisuntha. Komwe CE inakhazikika m'zipatala ndi poyeza mapuloteni a m'magazi ndi mitundu ya hemoglobin, monga pofufuza sickle cell, matenda amene kwathunso alipo ndipo ana ambiri amazindikiridwa mochedwa.

Nanga ndimaikonderanji? Chifukwa siidya zambiri. Ndinagwirapo pa chipatala china kwathu pomwe makina abwinobwino oyezera mchere anakhala miyezi atafunditsidwa nsalu ngati maliro, poti mankhwala ake anatha ndipo amagulidwa ku kampani imodzi yokha kunja. Madzi a CE ndimasakaniza ndekha m'mawa, ochepa ngati theka la kapu ya tiyi, ndipo amakwana tsiku lonse. Njirayi si yachilendonso ayi. Arne Tiselius wa ku Sweden analandira mphoto ya Nobel mu 1948 chifukwa chosiyanitsa mapuloteni ndi magetsi, ndipo James Jorgenson ndi Krynn Lukacs a ku North Carolina ndiwo anaonetsa mu 1981 zimene kachubu kopyapyala kangachite. Koma imene imandipatsa chidwi ndi ya mu 1998, pomwe akatswiri a ku São Paulo ku Brazil, ndi ena a ku Austria paokha, anapanga diso loyeza magetsi kuchokera kunja kwa kachubu, osafuna nyale, osafuna kuwotcha windo. Limatchedwa C4D, ndipo ma labu ena amadzipangira okha. Ku University of Twente ku Netherlands anafika poika mpikisano wonsewu pa kagalasi kakang'ono koyezera lithiyamu ndi dontho la magazi a pachala. Ndikamaona zimenezi maganizo amathawira ku chipatala chaching'ono cha kwathu, kwa mwana wa masiku atatu amene sungamutenge magazi odzaza botolo. Sindikulonjeza kanthu, ine ndine teknishani chabe, wotsuka machubu. Koma kabuku kanga ndikulembamo zonse, mpaka kumene amagula imidazole.

Mawa ndili ndi masampulo a mkodzo 40, ndipo basi yanga imanyamuka kudakali mdima, ndiye ndilekere pano. Mauthenga anu a mawu pitirizani kutumiza. Achimwene a ku Cape Town amene munafunsa za layisensi yoyendetsera galimoto kuno, yanu ndiyankha sabata yamawa.

Ndisanaiwale. Dzulo mchemwali wanga wanditumizira uthenga. Akuti ndisavutike, amayi anawayankha kale anzawo a Mvano. Nditangodula foni Lamlungu lija anawauza kuti, "Mwana wanga ndi dokotala, koma wa magazi okhaokha, odwala samuona." Amayi, mukamvera gawo lino mukawakonzere: mwana wanu amathamangitsa mchere m'kachubu. Mugone bwino nonse, hita ndikuisiya yoyaka.