"Had" sikutanthauza kalekale: past perfect m'Chingerezi

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili pa Chingerezi, ndipo tayang'anani kaye ziganizo ziwiri zili pa sikirinizi.

When I got to the depot, the bus left.
When I got to the depot, the bus had left.

Zasiyana kamawu kamodzi basi. Koma m'chiganizo choyamba basi munaipeza, inanyamuka inu mutafika. M'chachiwiri munangopeza fumbi: inali itapita kale, ulendo wa ku Mzuzu ndi wa mawa. Imeneyo ndiye past perfect, ndipo musaiope, chifukwa pa Chichewa timailankhula tsiku lililonse. "Anali atadya." "Mvula inali itakata." "Ndinali ndisanamuonepo." Pamakhala zinthu ziwiri zomwe zinachitika m'mbuyo, ndiye had amakhala pa chimene chinayamba kuchitika.

Kapangidwe kake sikatenga nthawi. Mukuika had, kenako mneni wa mumzere wachitatu, uja tinkaloweza ku pulayimale mofuula kuti go, went, gone. Eat, ate, eaten. Had sasintha, kaya ndi I, she kapena they. Aneni ambiri amangothera ndi ed: had paid ndi wosiyanako, koma had cooked, had finished, onsewo ndi ofewa. Ongofunika kusamala nawo ndi ouma mutu aja, osathera ndi ed. "He had went" ayi, ndi "he had gone". Pokana mukuti had not, kapena hadn't.

Tsopano pamene ambiri timagwera. Anthu ena amaganiza kuti nkhani ikakhala yakale kwambiri, imafunika had. Mumva munthu akuti "I had gone to Lilongwe in 2015", n'kuthera pomwepo. Wodziwa Chingerezi amadikirabe kuti mupitirize, chifukwa mwamulonjeza chinthu chachiwiri chomwe simunachitchule. Onani ichi:

Malawi became independent in 1964.

Zaka zoposa 60 zadutsa, koma palibe had. Chinthu ndi chimodzi, past simple (mneni wa mumzere wachiwiri, monga became) yakwana. Tiwonjezere chachiwiri:

When Malawi became a republic in 1966, it had been independent for two years.

Apa mwaima mu 1966, n'kucheukira ku 1964, ndiye had walowa. Ndipo zinthu za m'mawa uno zomwe zikhoza kumufuna: When I came back from the kitchen, the baby had spilled the porridge. Mwangotuluka pang'ono kukatenga supuni, pobwera phala lili pa mphasa. Ine ndimaona kuti ophunzira ambiri amathira had m'chimangirizo chonse pofuna kuti Chingerezi chimveke cholemera, koma wochonga amangoona kuti munthu sakudziwa chimene chinayamba ndi chiti.

Mukakhala ndi after kapena before, mawu amenewo anena kale dongosolo lake, choncho "After she ate, she left" ndi "After she had eaten, she left" zonse zili bwino.

Inu amene mukukonzekera MSCE, had ameneyu mudzakumana naye pa reported speech, pofotokoza zomwe wina ananena. Munthu akuti "I have paid the fees", inu pofotokoza munena kuti She said she had paid the fees. Amabweranso ponong'oneza bondo, pa "ndikanadziwa" paja: If I had known, I would have come. Chonde had akhale mbali ya if, would akhale mbali inayo.

Polankhula, eni chinenerochi amam'meza had uja. I'd ikhoza kukhala I had kapena I would, ndiye mvetserani mneni wotsatira: I'd gone ndi had, I'd go ndi would. Ndipo mukaona had awiri atagundizana, monga She had had malaria before she travelled, wolembayo sanachite chibwibwi. Woyambayo ndi wothandizira, wachiwiriyo ndi have wa mumzere wachitatu.